Kuyendanso Pambuyo pa Opaleshoni ya Nyung'unyu: Phunziro kwa Odwala ndi Owasamalira

Ambirife tikamva kuti wina wachitidwa opaleshoni yaikulu, chifundo chathu chimatiuza chinthu chimodzi: agone, apume, asagwire kanthu. Timamuyalira mphasa, timamubweretsera chakudya pomwe wagonapo, ndipo akafuna kudzuka timamuletsa. Pa matenda ena zimenezi n'zoyenera. Koma kwa munthu amene waikidwa nyung'unyu yatsopano, kugona tsiku lonse kungamubweretsere mavuto aakulu kuposa amene anapita nawo kuchipatala. Komanso mphasa imene tamuyalira mwachikondi ija ndi amodzi mwa malo amene sayenera kukhalapo.

Phunziro lino likufotokoza zinthu ziwiri zimene zimayendera limodzi. Choyamba, wodwala ayenera kuyendetsa mwendo wake tsiku lililonse. Chachiwiri, pali malire amene mwendowo suyenera kupyola kwa masabata angapo. Dokotala amagwira ntchito yake m'maola ochepa, koma kuchira kumatenga miyezi, ndipo kumachitikira kunyumba, m'manja mwa ana, adzukulu ndi abale a mumpingo. Nthawi zambiri wodikirira wodwala amakhala wina wa ife ophunzira amene ali pa holide.

Nyung'unyu n'chiyani?

Nyung'unyu ndi pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi fupa la chiuno. Mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira ngati mpira, ndipo umakhala m'kabowo kooneka ngati chikho. Zonse ziwiri zinakutidwa ndi kamnofu koterera kamene kamachititsa kuti mwendo uzitha kupita kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali popanda ululu. Owerenga Baibulo amapadziwa pamenepa chifukwa cha Yakobo, amene pa Genesis 32 anagwidwa pamalo omwewa usiku wa kulimbana kuja, ndipo kutacha anachoka ku Penieli akutsimphina.

Malo amenewa amawonongeka m'njira zingapo. Kwa achikulire, kamnofu koterera kaja kamatha ndi nyamakazi, mafupa n'kumakhulana okhaokha. Ena amathyoka khosi la fupa la ntchafu akagwa, makamaka agogo amene mafupa awo afewa. Palinso vuto lina limene limagwira ngakhale anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40: mutu wa fupa umasiya kulandira magazi okwanira, n'kufa, kenako n'kuphwanyika. Vutoli limapezeka kawirikawiri mwa anthu a matenda a sickle cell, amene amwa mankhwala a gulu la steroid kwa nthawi yaitali, oledzera kwambiri, komanso ena amene ali ndi HIV. Choncho tisamaganize kuti iyi ndi nkhani ya okalamba okha.

Pa opaleshoni, dokotala amachotsa mutu wowonongekawo n'kuikapo mpira wachitsulo kapena wa seramiki, umene tsinde lake limalowa m'kati mwa fupa la ntchafu. M'kabowo muja amaikamo kachikho katsopano, kawirikawiri kokhala ndi pulasitiki wolimba m'kati. Njira imeneyi inakhazikitsidwa ndi dokotala wa ku England, John Charnley, pa chipatala cha Wrightington kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kuno kwathu yachitikapo ku Blantyre pa chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002, ndipo ena amakachitidwira ku India kapena ku South Africa. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2019 anasonyeza kuti mwa nyung'unyu 100 zoikidwa, pafupifupi 58 zimagwirabe ntchito pakatha zaka 25. Ndi mphatso yokhalitsa, ngati isamalidwa bwino pachiyambi.

Chifukwa chake kugona kokha n'koopsa

Magazi a m'miyendo amabwerera kumtima mothandizidwa ndi minofu, makamaka ya katumba, imene imafinya mitsempha tikamayenda. Munthu akangogona, magaziwo amayenda pang'onopang'ono ndipo amatha kuundana mumtsempha. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu angafe mwadzidzidzi. Ichi n'chifukwa chake achipatala amadzutsa wodwala tsiku lomwelo la opaleshoni kapena m'mawa mwake, ndipo amamupatsa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa pafupifupi mwezi umodzi. Mankhwalawa amalizidwe monga momwe dokotala walembera, ngakhale wodwala akumva bwino.

Kugona nthawi yaitali kumabweretsanso chibayo, zilonda za pamsana ndi m'matako, kudzimbidwa, ndi kufooka kwa minofu. Tikumbukire kuti minofu yozungulira nyung'unyu inali kale yofooka, chifukwa munthuyo wakhala akuupewa mwendowo kwa miyezi kapena zaka. Minofu imeneyi ndi imene imasunga mpira watsopano uja m'malo mwake. Ikapanda kulimbitsidwa, munthu amapitiriza kutsimphina ngakhale ululu utatha.

Malire atatu

Pa opaleshoni, dokotala amadula kapena kupatula minofu ndi thumba limene limakuta nyung'unyu. Mpaka zimenezi zitapola, mpira uja ungathe kuguluka m'kachikho ngati mwendo wapindidwa molakwika. Madokotala ambiri amalowera kumbuyo kwa chiuno, ndipo kwa wodwala wotere malamulo odziwika ndi atatu, osungidwa kwa masabata 6 mpaka 12.

Loyamba: osapinda chiuno kupyola madigiri 90. Mwachidule, bondo lisakwere kuposa chiuno munthu akakhala pansi, ndipo chifuwa chisaweramire ku mawondo. Lachiwiri: osapingasa miyendo, kaya pa mawondo kapena pa akakolo, kaya atakhala kapena atagona. Lachitatu: osatembenuzira phazi ndi bondo m'kati, ndiponso osapotoza thupi phazi litapondabe pamalo amodzi. Pofuna kutembenuka, aziponda timasitepe ting'onoting'ono mpaka thupi lonse litatembenuka.

Madokotala ena amalowera kutsogolo kwa chiuno. Pamenepo choyenera kupewa kwambiri ndi kuponya mwendo kutali kumbuyo ndi kutembenuzira phazi kunja. Enanso masiku ano amapereka malamulo ochepa kuposa awa, malinga ndi momwe opaleshoni yayendera. Safunsa anadya phula: wodwala asanatuluke m'chipatala, wodikirira afunse mafunso atatu n'kulemba mayankho ake. Kodi munalowera kutsogolo kapena kumbuyo? Kodi aziponda ndi mphamvu zonse pa mwendowu kapena pang'ono? Kodi malamulowa atha liti? Mawu a dokotala amene wachita opaleshoniyo ndi amene ayenera kutsatidwa kuposa chilichonse cholembedwa m'phunziro lino.

Mafizo a masiku oyamba

Mafizo oyambirira amachitika wodwala atagona chagada pabedi. Sasowa chida chilichonse, ndipo wodikirira angathandize powerenga.

Kuyendetsa phazi: wodwala akokere zala za phazi kumaso kwake, kenako azilozetse kutsogolo, ngati akuponda pedulo ya makina osokera. Achite ka 10 pa ola lililonse ali maso. Izi ndi zimene zimapopa magazi a m'katumba.

Kulimbitsa ntchafu: mwendo utawongoka, akanikize kumbuyo kwa bondo pa matiresi, agwire masekondi 5, kenako amasule. Achite ka 10.

Kufinya matako: afinye matako onse awiri pamodzi, agwire masekondi 5, amasule. Achite ka 10. Minofu imeneyi ndi imene imamudzutsa pampando.

Kukoka chidendene: akokere chidendene kumatako pang'onopang'ono, chikukhwekhwereza pabedi, bondo likuloza kudenga, kenako awongolenso. Bondo lisagwere m'kati. Pepala la pulasitiki loikidwa pansi pa chidendene limathandiza kuti chiziterera.

Kutsegula mwendo: mwendo utawongoka, zala zikuloza kudenga, ausunthire kumbali, kenako aubweze pakati. Pobwerera usapyole pakati pa thupi.

Kupuma mozama: akokere mpweya wambiri m'mphuno, augwire pang'ono, autulutse pakamwa, kangapo pa ola. Izi zimateteza mapapo ku chibayo.

Akayamba kuima bwino, mafizo ena amachitika ataimirira, atagwira tebulo lolimba kapena kumbuyo kwa mpando wolemera. Akweze bondo kutsogolo, osafika mulingo wa chiuno, n'kulitsitsa. Atambasulire mwendo kumbali, thupi lili chilili, osapendekera mbali inayo. Aukankhire kumbuyo pang'ono, msana uli wowongoka, ngati dokotala walola. Chilichonse ka 10. Pamodzi, mafizo onse amatenga mphindi 20 mpaka 30, kawiri kapena katatu pa tsiku. Kukweza mwendo wonse wowongoka atagona kumalemetsa nyung'unyu, choncho kudikire mpaka a zamafizo atanena.

Kodi ululu ndi chizindikiro chosiyira? Kumva kukoka ndi kuphwanya kwa minofu n'kwachibadwa, ndipo kumatha munthu akapuma. Ululu wobaya, wobwera mwadzidzidzi, kapena wosatha kufikira tsiku lotsatira, umatanthauza kuti wapyola muyeso. Kumwa mankhwala opha ululu pafupifupi theka la ola mafizo asanayambe kumathandiza. Pang'onopang'ono ndi mtolo: kuchita pang'ono tsiku lililonse kumapindula kuposa kudzipha tsiku limodzi n'kugona masiku atatu.

Kuyenda, ndodo ndi masitepe

Kuyenda ndiwo mafizo aakulu kuposa onse. Poyamba ndi mphindi 5 kapena 10, katatu kapena kanayi pa tsiku, pamalo osalala, kenako kumaonjezera. Ndodo zoyendera zitsogole, ubwere mwendo wochitidwa opaleshoni, kenako mwendo wabwino. Chidendene chiyambe kuponda, zala zitsirize. Ikafika nthawi yogwiritsa ndodo imodzi, igwidwe ku dzanja la mbali yabwino. Ambiri amalakwitsa pamenepa, poganiza kuti ndodo iyenera kukhala pafupi ndi mwendo wodwala. Ikakhala mbali inayo, imagawana katundu ndi mwendo wodwalawo ndipo imachepetsa ntchito ya minofu ya m'mbali mwa chiuno.

Pa masitepe, pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wochitidwa opaleshoni pamodzi ndi ndodo, sitepe imodzi imodzi. Lamulo lomweli ligwire pa khonde ndi pa chiundo cha pakhomo.

Nyumba zathu ziyambe kukonzedwa

Malangizo ambiri a opaleshoniyi analembedwa poganizira nyumba zokhala ndi mabedi aatali ndi zimbudzi zokhalira. Moyo wathu wambiri umachitikira pansi. Timakhala pamkeka, timaphika pa mafuwa kapena pa mbaula, timasesa ndi tsache lalifupi, timachapa titawerama, ndipo m'chimbudzi chokumba timanjuta. Zonsezi zimaphwanya lamulo loyamba lija. Choncho nyumba ikonzedwe wodwala asanabwere.

Pogona pakhale bedi, ndipo likhale lalitali moti akakhala m'mphepete mwake chiuno chikhale pamwamba pang'ono kuposa mawondo. Ngati ndi lalifupi, miyendo yake ikwezedwe ndi njerwa zokhazikika bwino. Agone chagada ndi pilo pakati pa miyendo, ndipo akaloledwa kugona cham'mbali piloyo akhalepobe. Mpando ukhale wolimba, wautali, wokhala ndi pogwira manja. Sofa wofewa ndi mpando wa ndalema adikire kaye. Pokhala ndi podzuka, mwendo wochitidwa opaleshoni utambasulidwe kutsogolo, manja akankhe pa mpando.

Za chimbudzi tisachite nazo manyazi, chifukwa ndi pamene ngozi imachitika kawirikawiri. Kalipentala angathe kuboola mpando wamatabwa wautali, wokhala ndi pogwira manja, woikidwa pamwamba pa dzenje, kapena wokhala ndi ndowa pansi pake wogwiritsa ntchito usiku. Kubafa kukhale mpando wautali wosaterera, beseni liikidwe pamwamba, ndipo mapazi asambitsidwe ndi wina. Nsapato zikhale zongolowetsa koma zogwira chidendene. Mapatapata amaterera pamalo onyowa. Povala thalauza uyambe kulowa mwendo wochitidwa opaleshoni, povula utsirize. Zingwe za magetsi, timakapeti ndi zidole za ana zichoke m'njira, ndipo tochi ikhale pafupi ndi bedi. Chinthu chikagwa pansi, atole wina.

Paulendo, kabaza wa njinga yakapalasa kapena yamoto apewedwe m'masabata oyambawa, chimodzimodzi mipando yothina ya kumbuyo kwa minibasi, kumene mawondo amafika pachifuwa. M'galimoto akhale kutsogolo, mpando utakankhidwira kumbuyo. Ayambe wakhala chafutambuyo, kenako alowetse miyendo yonse pamodzi. Kuyendetsa galimoto kumadikira pafupifupi masabata 6 ndi chilolezo cha dokotala. Khasu, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi pamutu zimadikira kwa miyezi. Apabanja nawonso afunse dokotala momasuka za nthawi yoyambiranso kukhalira pamodzi.

Chakudya ndi bala

Thupi limafuna zomangira kuti lipole, ndiponso limafuna kubweza magazi amene anatayika. Nyemba, nandolo, soya, mtedza, mazira ndi mkaka zimamanga minofu. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi masamba ena obiriwira amathandiza magazi, makamaka akadyedwa ndi zipatso monga malalanje ndi magwafa. Mankhwala amphamvu opha ululu amadzimbitsa, choncho madzi ambiri, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa n'zothandiza. Fodya amachedwetsa kupola kwa bala, ndipo mowa umagwetsa munthu wa ndodo. Bala likhale louma ndi laukhondo, lisapakidwe mankhwala a zitsamba kapena mafuta alionse. Ulusi kapena timawaya timachotsedwa kuchipatala pakatha masiku 10 mpaka 14.

Zizindikiro zothamangira kuchipatala

Kutupa pang'ono kwa mwendo kungakhalepo kwa miyezi, ndipo kumachepa munthu akagona n'kukweza mwendo wonse pa mapilo. Koma izi sizidikira m'mawa: katumba kutupa, kutentha ndi kupweteka, kubanika mwadzidzidzi kapena kupweteka pachifuwa, kutentha thupi pamodzi ndi bala lofiira, lotuluka madzi kapena mafinya, ululu waukulu wadzidzidzi, mwendo n'kuoneka wofupika kapena wopotoka, wodwala n'kulephera kuponda. Chizindikiro chomalizachi chimasonyeza kuti mpira waguluka. Pasapezeke woyesa kuukoka mwendowo. Katumba wotupa asasisitidwenso, chifukwa kusisita kungathothole magazi oundana aja. Kutentha thupi tisangokutenga ngati malungo n'kukagula mankhwala pa golosale. Tizilombo tikafika pa chitsulo chija timavuta kuchiza, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni ina.

Kutchalitchi ndi pa Sabata

Pali mafunso amene achikulire athu amasunga mumtima. Mayi amene moyo wawo wonse agwada popereka moni kwa akuluakulu amamva ngati achita mwano akapereka moni ali pampando. Bambo amene sanaphonyepo kugwada pa pemphero la ubusa amadziona ngati abwerera m'mbuyo. Ndi udindo wathu kuwamasula, ndipo tiyambe ndife kulankhula: "Agogo, khalani pomwepo, ife tibwera kudzakupatsani moni." Pa 2 Samueli 7 Davide anapemphera atakhala pansi pamaso pa Yehova. Pa Yesaya 38 Hezekiya anapemphera ali pa bedi la matenda, ndipo anamvedwa. M'chaputala chomwecho mneneri analamula kuti pa chotupa chake paikidwe nkhuyu. Pemphero ndi chithandizo zinayendera limodzi, ndipo palibe chimene chinanyozetsa chinzake.

Madikoni angaike mpando wautali kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, popeza mabenchi ena ndi aafupi. Pa mwambo wosambitsana mapazi tsiku la Mgonero, wodwala asawerame kufikira beseni. Abusa ndi akulu a mpingo angakonze kuti iye asambitsidwe ali pampando wake, wina n'kutumikira m'malo mwake, kapena Mgonero umupeze kunyumba. Nanga mafizo pa Sabata? Magazi saleka kuundana chifukwa dzuwa la Lachisanu lalowa. Pa Yohane 5, munthu amene anadwala zaka 38 pa thamanda la Betesida anauzidwa kudzuka ndi kuyenda pa tsiku la Sabata lenilenilo. Ifenso timaphunzitsa kuti kulimbitsa thupi ndi chimodzi mwa zinthu zimene Mlengi anaika kuti zitichiritse, pamodzi ndi madzi, mpweya wabwino, dzuwa, kupuma ndi kudalira Mulungu, monga Ellen G. White anafotokozera m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi gawo lapadera. Wodwala amauzidwa malangizo ambiri nthawi imodzi, ali ndi ululu ndiponso mankhwala ali m'mutu, ndipo amaiwala. Tingamulembere malamulo atatu aja m'zilembo zazikulu n'kumata pakhoma, tijambule tchati cha masiku kuti azichongapo akamaliza mafizo, ndipo m'malo momufunsa ngati wamva, timupemphe atisonyeze. Tikamutengera ku a zamafizo, kaya pa chipatala chachikulu kapena ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, tchaticho tipite nacho. Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Dorika angagawane masiku ophika ndi kuchapa, achinyamata angasalaze njira ya kuchimbudzi ndi kutunga madzi, kuti wodikirira mmodzi uja asatope mpaka kutaya mtima.

Chovuta kwambiri kwa ife osamalira ndi kudziwa pothandiza ndi posiya. Zimene zimafuna kuwerama, tichite ndife. Zimene angathe kuchita ataima kapena atakhala pampando wautali, monga kupita yekha kukatenga kapu ya madzi pa tebulo, timusiye achite, ife tili pambali pake. Anthu ambiri amabwerera ku ntchito zopepuka za tsiku ndi tsiku pakatha miyezi itatu, ndipo mphamvu zimapitiriza kuwonjezeka mpaka chaka.

Mafunso okambirana

1. Tchulani malire atatu a wodwala amene dokotala analowera kumbuyo kwa chiuno. Ndi ntchito ziti za pakhomo panu zimene zimaphwanya lamulo lililonse?

2. Agogo anu akukana kudzuka pabedi, akuti akudikira ululu uthe kaye. Mungawafotokozere bwanji mwaulemu kuopsa kwa magazi oundana?

3. Mlendo wofunika wafika pakhomo, ndipo mayi amene achitidwa opaleshoni masabata atatu apitawo akufuna kugwada. Ndani ayenera kuyamba kulankhula, ndipo anene chiyani?

4. Nkhani ya Hezekiya ikutiphunzitsa chiyani za munthu amene akuti safunika mafizo chifukwa wapemphereredwa?

Ntchito ya sabata ino: yendani kuchokera pa chipata cha tchalitchi chanu mpaka pa benchi, kenako mpaka kuchimbudzi, mukuganizira munthu woyenda ndi ndodo ziwiri amene sangawerame. Lembani malo onse amene angamuvute, ndipo mukapereke mndandandawo kwa mkulu wa madikoni.